Chotupa si khansa, bwato langa libwere

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa loswa mtengo, mtima wanga uli nyansi zokhazokha.

Iwe amene udzasuzumire m'buku muno, tandiyankha: kodi katundu amagawana mwini wake akupuma?

Mwezi watha sikani ya kuno ku Nsanje inaonetsa chotupa pachiwindi changa. Abale anangoti khansa, pomwe kuchipatala palibe anatchula zimenezo. Dzulo ku Blantyre dokotala anandiuza kuti zotupa za pachiwindi zimafanana poyamba, koma zili m'magulu: china ndi khansa, china ndi thumba la madzi, china ndi mafinya. Changa ndi mitsempha ya magazi yopiringizana ngati ukonde wopinda munthu waulesi. Mwina ndinabadwa nacho. Sichifuna mpeni, angoti ndizikapimitsa.

Lero ndatsika minibasi ndikumwetulira, koma pakhomo ndapeza mkazi wanga akulira. Akuti mng'ono wanga Zuze anamasula bwato langa padoko ku Ndindi, natenganso maukonde. Zuzeyo ati, "Mlamu, achimwene sapalasanso, bwatoli lingangoola." Abambo aang'ono nawo ayamba kale kunong'onezana za amene adzalowe kufa m'nyumba muno, mwambo wogona ndi mkazi wamasiye uja. Ine ndili wamoyo, ndikudya bwinobwino!

Ndamuitanitsa Zuze, sanabwere. Wangotumiza mlamba umodzi, ati ndi wa wodwala. Mlamba wogwidwa ndi ukonde wanga womwe! Ndauponyera galu.

Zuze, chotupachi ndikalamba nacho, usachiwerengere. Mawa m'mawa bwato langa ndikalipeze padoko, maukonde ali momwemo, ndi nkhafi yake yomwe.