Zitsulo za Bampala Zibwere

Limbe
9 Juni 2004

Achemwali a Enelesi,

Mwadzuka bwanji kwathu ku Nthache? Chifuwa chija chinasiya? Ine ndi msana womwewu, koma ndikudzuka.

Kuno akuti ndalakwa kuntchito, ngakhale mpaka pano sindikuona pomwe ndalakwa.

Abwana anga ali ndi kagalimoto kofiira kakalekale, kamene anawasiyira malemu bambo awo. Kopanda denga, mipando iwiri yokha, thumba la chimanga silingakwanemo. Kamatuluka Lamulungu basi. Bampala wake wakutsogolo anayamba kulendewera mbali imodzi chifukwa zitsulo ziwiri zomugwira zinadyeka ndi dzimbiri n'kupindika. Abwana ponyamuka ulendo wa ku Lilongwe anandiuza kuti ndione chochita.

Ndinaonadi. Ndinamasula zitsulozo, ndinagula zitsulo zina, zomangira nyumba zija, n'kuitana mnzanga wowotcherera wa kumsika. Tinawotcherera momwe timalimbitsira keliyala ya njinga ya makala. Ndinakwerapo ndekha n'kudumpha, osagwedera olo pang'ono.

Abwana atabwera anangokhala pansi n'kugwira mutu. Akuti iwo ankanena zongoika njerwa pansi kuti bampala asagwe. Akuti wa galimoto imeneyo sawotcherera, amamanga ndi mabawuti, ndipo zitsulo zowolazo ndi zimene inabwera nazo kuchokera ku Mangalande, zili ndi manambala, kulibenso kozigula. Ankafuna akaziwongoletse. Ndinawafunsa kuti nanga chowola chiposa bwanji cholimba. Akutinso ndaika mokhota. Ine ndikayang'ana ndikuona zili bwinobwino. Kaya ndi maso angawa.

Tsono zitsulo zowolazo ndi zija ndinatumiza pa minibasi sabata yatha kuti alamu a Sankhani alimbitsire njinga yawo. Abwana anena kuti zikapanda kubwera pofika kumapeto kwa mwezi uno, ntchito yatha, ndituluke m'kanyumba ka kuseri. Zaka khumi ndi zinayi, achemwali, kuthera pa dzimbiri.

Chonde auzeni alamu asadule, asakhome, asapale ngakhale dzimbirilo. Mwina nalonso ndi lofunika, ine sindikudziwanso. Mukulunge m'thumba mukapereke kwa a Kinsley oyendetsa minibasi pa Boma, amadziwa pondipeza.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a Esime ndi adzukulu onse.

Ngati adadula kale, musavutike n'kuyankha. Ingoyambani kumweta udzu usanapse, nyumba yanga ija ifunika denga.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Paison