Makandulo a mu Julayi

Lucca, 2 Ogasiti

Wokondedwa msuweni wanga Fiorenza,

Ndakumbuka tsiku lija tili ana, titakwera nsanja ya Guinigi yomera mitengo padenga ija. Bambo ako, amalume Settimio, anafika pamwamba ali wefuwefu, nati, "Anyani inu, mukufuna kundipha eti?" Tinaseka mpaka misozi.

Kuno tili bwino, kutentha kokhaku. Wandifunsa malo oti udzaone pa mwezi umene udzakhale nafe. Udzazungulire mzinda pamwamba pa linga m'mawa kusanatenthe, njinga ndidzakubwereka. Udzalowe m'tchalitchi cha San Frediano, udzadyenso buledi wathu wamphesa zouma amene ku Argentina umangomulota. Pa 13 Sepitembala tidzayatsa makandulo m'mawindo monse pa chikondwerero cha Mtanda, monga chaka chilichonse.

Koma bambo ako anayatsa kale awo. Mwezi watha, dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza atandandalika makandulo pawindo, atavala suti, akudikira mdipiti wa chikondwererocho. Ndinati, "Amalume, uno ndi Julayi."

Anandiyang'ana nati, "Kodi inu ndani? Tasunthani, Fiorenza wanga adutsa pompano ndi anzake a kwaya."

Adokotala sakunena zambiri, ndipo ine ndinaleka kuwafunsa. Ngati tikiti ingasinthike, usadikire Sepitembala.

Tsopano akukhala kunyumba yosamalira okalamba. Asisitere a kumeneko avomera kuti udzawaone bambo ako tsiku lomwelo udzafike, 4 koloko madzulo. Nditawauza amalume kuti ukubwera anakondwa kwambiri, ndipo anandituma kuti ndikakutenge kusukulu.

Ndine msuweni wako,
Ottavio