Madola Asanu a Pansi pa Chitini cha Shuga

St. Cyprien, Maine
12 Seputembala

Okondedwa achimwene Armand,

Musanawerenge chilichonse, gwedezani envelopuyi. Chimene chagwacho ndi cheke chanu chija cha kampeni yanga. Ndachibweza momwe chinabwerera, osachipinda n'komwe. Tsopano khalani pansi, mumwe madzi, ndikufotokozereni musanayambe kundikalipira chamumtima.

Kuno tonse tili bwino. Mbatatesi zabereka chaka chino, moti alamu anu a Dwight angotsala pang'ono kumagona m'thirakitala poti kukumba kuyamba posachedwa. Amayi ali gwa, kupatula bondo lija limene limawauza za nyengo wailesi isananene.

Cheke chinafika Lolemba. Nditaona maziro atandandalikana ndinayamba ndapukuta magalasi. A Dwight anasuzumira paphewa panga n'kuimba likhweru.

"Noella, apa ndiye tigula chikwangwani choposa cha a Haskell. Nkhope yako izioneka mpaka ku Canada."

"Nkhope iyi anthu anatopa nayo pa basi ya sukulu imene ndimayendetsa," ndinatero. "Pezani envelopu, chikubwerera."

Mukukumbukira zaka zija ndinkaima pakhomo la sitolo, chisanu chili m'mafupa, kupempha anthu asaine kuti lamulo la ndalama za kampeni lilimbe? Munkandiseka pafoni kuti ndidzathothoka zala. Lamulo lomwelo ndi limene landimanga lero. Wofuna mpando wa ku nyumba ya malamulo ya chigawo chathu mwa njira imeneyi amayenda khomo ndi khomo, kupempha madola asanu okha kwa aliyense wovota m'dera lake. Anthuwo akakwana, boma limamupatsa ndalama zochitira kampeni, iye n'kulonjeza kuti salandiranso za munthu wina, kaya ndi kampani ya matabwa, kaya ndi mchimwene wake wa ku Texas amene anamuphunzitsa kupalasa njinga. Ine poimira mpandowu lonjezolo ndinalisaina ndi dzanja langa, ndipo sindikunong'oneza bondo.

Kunena zoona, achimwene, ndikusangalala nayo ntchitoyi. Madola asanu sabwera okha, amabwera ndi khofi ndi madandaulo. A Theriault a kumtunda kwa mtsinje anandikhazika mpaka khofi anazizira kawiri, nkhani yake ya mlatho wawo wogumuka. Potsiriza anatulutsa ndalamayo m'chipewa.

"Ndakugula tsopano, mwana wa Pelletier. Ukakafika kumeneko n'kuiwala mlatho wanga, ndidzabwera kudzatenga chenji."

"Mwandigula pamodzi ndi tauni yonse," ndinawayankha. "Mugawana bwanji? Inu mutenga khutu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. A Haskell, amene ndikupikisana nawo, ali pa wailesi m'mawa ndi madzulo, ndalama ali nazo. Si munthu woipa. Loweruka tinakhala benchi imodzi pa mgonero wa nyemba kutchalitchi, ndipo anandipatsira buledi mwaulemu ndithu. Kungoti iwo sadziwa kuti galu wa a Theriault amaluma, pamene ine mwendo wanga ukudziwa.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira.

Amayi anapereka madola awo asanu tsiku loyamba lenileni, atavala juzi la kutchalitchi ngati akupita ku ukwati. Nditawauza kuti cheke chanu ndikubweza, anadzuka pampando. Analowa kuchipinda, ndinamva kabati ikutseguka, kenako anatuluka ndi madola ena asanu.

"Ngati zambiri sizololedwa, landira izi. Ulembe dzina la Armand."

"Amayi, sizitheka. Munthu amapereka yekha, ndalama yakeyake, ndipo akhale wovota kuno."

"Wovota kuno? Mwanayo anabadwira m'chipinda icho!"

"Ndikudziwa, Amayi. Koma kuboma amamuwerenga kuti ndi wa ku Texas."

Anayang'ana ndalamayo nthawi yaitali, akuiwongola ndi chala patebulo. Kenako anati, "Ndiye kuti kwawo sakuwerengedwanso."

Zinandipweteka, achimwene. Lamulo limene ndinalizizirira panja lija, tsiku limenelo ndinadana nalo. Koma mawa lake ndikuyendetsa basi ndinaona kuti lamulo silinaname. Langonena mokweza chimene ife takhala tikunong'onezana.

Musandimve molakwa. Amene analipira denga la nyumbayi ndi inu. Makina otenthetsera m'nyumba ndi inu. Bokosi la Bambo ndi inu, ndipo palibe tsiku limene tinapempha kawiri. Ndikuthokoza ndi mtima wonse. Koma chichokereni pa maliro a Bambo simunapondenso kuno, ndipo Amayi akamatchula dzina lanu amayang'ana kumsewu, osati kudenga. Ndachedwa kulemba kalatayi chifukwa cha mantha. Ndimakudziwani, mukakhumudwa simukalipa, mumangoti zii. Ndikuopa kuti mukaona chekecho muganiza kuti ndakana inuyo, foni ya Lamlungu ija n'kuleka kulira. Mpando ndingauluze, ndibwerera ku basi yanga nyimbo ili pakamwa. Inu ndiye sindikufuna kukuluzani.

Chilipo chimene lamulo silikaniza. Munthu atha kupereka miyendo yake ndi tsiku lake, kaya amakhala kuti. Tsiku la chisankho, mu Novembala, tikusowa wonyamula okalamba kupita nawo kokavota. A Dwight anadzipereka, koma Amayi anawabweza pomwepo.

"Iwe Dwight umayendetsa ngati wanyamula matumba a mbatatesi. Ine wondiyendetsa ndili naye."

Madola asanu aja sanawabwezere m'kabati. Anawaika pansi pa chitini cha shuga, ati ndi a mafuta a galimoto yanu. Ndinawauza kuti masiku ano madola asanu sangakufikitseni ndi pa mlatho pomwe. Anati zimenezo mudzakambirana awiri. Anenetsanso kuti ngati simubwera, iwo savota. Choncho ndikagonja ndi voti imodzi, tauni yonse idziwa wopalamula, ndipo a Theriault ndidzawapatsa adiresi yanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Corinne, muwauze kuti jekete asagule, ndili nalo lowakwana. Atsikana muwapsompsone, ngakhale ndikumva kuti wamkuluyo wandipitirira msinkhu. A Dwight akupereka moni, ati chikwangwani chija chikuwawawabe. Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Ati ayi, adzanena okha. M'mawa uliwonse akamathira shuga mu tiyi amanyamula chitini chija, kuyang'ana pansi pake, n'kuchibwezera bwinobwino.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Noella