Matayala Osalala a Edmond

South Bend, Indiana
20 Meyi 2024

Okondedwa achemwali a Vainess,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi onse ku Lunzu. Kuno tilipo, chisanu chatha, msana wokha ndi umene ukundivutabe chifukwa chonyamula nkhalamba kuntchito. Ndalemba pamanja m'malo moimba foni chifukwa mwana wanu Sophia makutu ake ndi aatali, ndipo makoma a nyumba za kuno ndi opyapyala.

Munandituma kuti, monga malume ake, ndikamufufuze mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanuyu, ndipo munati mawu anga ndiwo akhale otsiriza. Ndinapitako Lachisanu lapitali. Khalani pansi ndikuuzeni.

Edmond ameneyu sindinamukhulupirire chiyambire. Mnyamata waulemu wopitirira muyeso amandiopsa ine, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikamufunsa za ntchito, amati ndi injiniya wa matayala a magalimoto a mpikisano ku Indianapolis. Injiniya wa matayala! Achemwali, ine ndayendetsa minibasi ya Limbe ndi Zomba mpaka imvi kumera, amatayala ndimawadziwa. Amakhala pansi pa mtengo ndi pampu ndi beseni la madzi akuda, ndipo sindinamvepo mmodzi akudzitcha injiniya. Komanso anyamata athu kuno bodza lili m'magazi. Wokolopa m'chipatala akaimba foni kumudzi amasanduka dokotala.

Ndinauza Sophia kuti tikamudzidzimutse kuntchito kwake. Iye akuti, "Ankolo, kumeneko salowa opanda pasi." Ndinati eya, zayambika. Koma mawa lake mapasi anafika, mofulumira kwambiri moti ndinakayikiranso kuti mwina anali atakonzeratu zonse.

Bwalo la mpikisanolo ndi lalikulu, Lunzu yense akhoza kulowamo, ndipo phokoso lake limagwedeza m'mimba. Magalimotowo ndi afupi ngati machira, opanda denga, mpando umodzi, matayala ali kunja. Akadutsa, umangomva mphepo, osaona mtundu wake. Injiniya wathuyo tinamupeza kuseri kwa garaja atakhala chonyonyomala, akuwotcha tayala ndi kachipangizo kotulutsa mpweya wamoto, kwinaku akulipala ndi kachitsulo. Tayalalo linali losalala ngati mutu wometa mpala, lopanda dzino n'limodzi lomwe.

Mtima wanga unati phwii. Mukukumbukira anyamata a ku Limbe aja, amene amatenga tayala lotheratu n'kulisema mano ndi mpeni wamoto, n'kuligulitsa ngati latsopano? Ndinanong'oneza Sophia kuti, "Suja ndinkanena? Ntchito yake ndi imeneyi."

Edmond anadzuka, n'kupukuta manja, n'kutilonjera.

"Bambo injiniya," ndinatero, "matayala okuthawa mukuwagulitsa kwa ndani?"

"Sanathe ayi, malume. Amabwera chonchi kuchokera ku fakitale. Tagwirani ili, langotsika kumene."

Ndinagwira, n'kuchotsa dzanja msanga. Linali lotentha, lomata ngati phula la pamsewu mu Okutobala, timiyala titakanirirapo.

"Giripi yake ili pamenepo," anatero. "Msewu ukakhala wouma, mano ndi malo ongowonongeka. Timafuna labala yense agwire pansi, ndipo amagwira akatentha. Akazizira amaterera, akatenthetsa amanyenyeka. Ine ndimapala zinyalalazi kuti ndiyeze m'timabowo iti labala amene watsala, kenako ndimauza anzanga mpweya woti tiike."

"Nanga mvula ikagwa?"

"Pabwalo lino mvula ikagwa sitithamanga. Mano ndi amene amathawitsa madzi. Tayala losalala pamadzi limangoyandama."

Amayankha bwino kwambiri, ngati munthu woloweza. Ndiye ndinayang'anitsitsa ndekha, n'kuona kuti pa matayala awiri akumbuyo analembapo manambala osiyana ndi choko. Ndinati ndamugwira. Iye anangoseka, akuti lakumanja amalipanga lokulirapo pang'ono mwadala, chifukwa pabwalopo galimoto imangokhotera kumanzere tsiku lonse, ndiye kusiyanako kumaithandiza kukhota. Anandiuza kuti ndigubuduze kapu ya pepala pansi ndione. Kapuyo inakhotadi, koma ine ndinati kapu si galimoto. Kenako panabwera mzungu wina wamkulu atavala zomvera m'makutu, n'kumufunsa zinazake, n'kumamvetsera akugwedeza mutu. Mwina ndi bwana wakedi. Mwinanso ndi mnzake amene anapangana naye, sindingalumbire.

Madzulo anatitengera kukadya ku Lafayette Road, kwa anthu a ku Ethiopia. Potuluka kumwamba kunali kutada, mvula itayamba kuwaza, ndipo ulendo wa ku South Bend ndi wautali. Titafika pa galimoto yanga, Edmond anagwada pansi, mawondo onse awiri pasimenti yonyowa. Achemwali, ndinasangalala. Ndinati tsopano mwana wakumbukira mwambo, akupempha mkazi kwa mwini mbumba. Ndinakonza kolala, n'kutsokomola pang'ono, mawu ndili nawo kale pakamwa. Ndikuyang'ana pansi, munthu uja sakuyang'ana ine. Akusisita tayala langa lakutsogolo.

Anazungulira onse anayi, n'kudzuka nkhope itasintha.

"Malume, pepani. Sophia sakwera galimoto iyi."

"Wati chiyani?"

"Matayalawa atha, ili waya akuonekera. Ndi mvula imeneyi simukafika ngakhale ku Kokomo panjirapa. Ndikudropani ndine, galimoto itsale."

Taganizani! Mnyamata amene sanatulutse ngakhale nkhuku ya chinkhoswe, kulamula pa mwana wa mlongo wanga ine ndili pomwepo, komanso kundiphunzitsa za matayala, ine amene ndinatsika chitunda cha ku Chingale ndi anthu odzaza pa matayala okutha kuposa amenewa. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinamuuza kuti tsiku lonse wakhala akutamanda matayala osalala, lero anga alakwa chiyani? Ndinati ngati ulemu wake ndi umenewu, ukwati aiwale.

Ndinkayembekeza kuti apepesa, chifukwa munthu wofuna kanthu amapepesa ngakhale asanalakwe. Koma iye anati, "Mukakana mwakana, malume. Bola mundikanize ali moyo."

Sophia anayamba kulira, akuti, "Ankolo, chonde, musadiraive." Ndinamuuza kuti asankhe galimoto yokwera. Sanakwere iliyonse, anangoima pamvulapo. Ine ndinalowa, n'kumenyetsa chitseko, n'kunyamuka ndekha.

Zotsatirazi zithere m'kalata muno, ngakhale alamu musawauze. Pa maloboti oyamba magetsi anafiira, ndinaponda buleki monga mwa masiku onse, koma galimoto sinandimvere. Inangoyandama mwakachetechete mpaka pakati pa mphambano, basi ya mumzinda n'kudutsa pamphuno panga ikuliza hutala. Palibe chimene chinagundidwa. Koma nditayang'ana mpando wa pambali, pamene Sophia amakhala, panali thumba lake la buledi limene anasiyapo masana, litagwera pansi.

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Ndinawapeza ali pomwe paja, ndipo ndinawauza kuti ndaiwala chipewa m'lesitilanti. Chipewacho chinali kumutu kwanga. Edmond anachiona, koma analowabe kukachifunafuna, ndipo anachedwa dala. Atatuluka tinapita kwa amatayala ena pamsewu womwewo. Ndinalipira ndekha, kuti mawa asadzanene kuti anandigula ndi labala.

Tsono yankho langa ndi ili. Zoti ndi injiniya weniweni ndikufufuzabe, satifiketi sindinaione, ndipo za tayala lokulirapo zija zikundikayikitsabe. Koma wakuba sakangana ndi mlonda pachipata. Mnyamatayu ankadziwa kuti mawu anga akhoza kumulanda Sophia, ndipo analolera kuti andikwiyitse. Uzani akwawo ku Ntcheu kuti abwere, ankhoswe akambirane. Ine ndavomera.

Sophia sindinamuuzebe. Ndikufuna ndidikire pang'ono, mwina sabata yamawa kapena inayo. Akakwatiwa asamukira ku Indianapolis, ndipo mukudziwa kuti chimwalirire mayi a kunyumba, a Ida, m'nyumba muno amene amandifunsa kuti ndadzuka bwanji ndi iyeyo. Sindikudandaula ayi. Msewu ndi umodzi wowongoka, ndipo matayala ndili nawo atsopano.

Mupereke moni kwa alamu, kwa Pamela ndi ana ake, ndi kwa onse a kumpingo. Mukamapita kumanda kukasesa, mukawauze a Ida kuti mwana uja tinamulandira pabwalo la ndege ndi kachikwama kamodzi wapeza womuyang'anira. Muwauzenso kuti chipinda chake ndichisiya momwe chilili, bedi loyala, mwina tsiku lina mvula idzamutsekereza kuno iye ndi mwamuna wake.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lucious