Pakamwa pa Atikonda

Matandani, Neno

Achimwene anga a Lucius,

Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija munkadandaula nacho nthawi yozizira chinakusiyani? Kuno tadzuka ndithu. Chimanga chamera bwino, kungoti mbuzi za eni zikuyesa kuti tinalimira izo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'zaka zamakedzana. Pa foni inu simumvetsera. Ndikangoyamba nkhani mumati mayunitsi akutha, n'kugamula mlandu musanaumve. Pepala simungalidule mawu, ndiye khalani pansi muwerenge.

Nkhani ndi ya mwana wanga Atikonda, mbumba yanu. Mukudziwa kuti akuchimuna anena kuti chinkhoswe chisanachitike, mwanayu alonjeze kusiya zisudzo, asiyenso kugwira maikolofoni pa maukwati. Amene akulimbikira zimenezi ndi a Dorica, mayi ake a Gabriel, mnyamata wofuna kumukwatirayo. Akuti safuna mpongozi amene anthu azimuloza pamsika kuti ndi uja woseketsa uja. Gabriel mwiniwakeyo anamuonera Atikonda pa ukwati pomwepo, akuyendetsa perekaniperekani, koma pamaso pa mayi ake mnyamatayu amasanduka bubu. Inu munayankha pa foni kuti zamasewera asiye, banja ndiye chinthu. Inenso ndinavomera. Ankhoswe awo akuimbirani kumapeto kwa mwezi uno kuti mutsimikize monga mwini mbumba.

Tsono imvani zimene zinachitika Loweruka lapitali.

Tinapita ku Boma atatu, ine, Atikonda ndi a Dorica, kukasankha chitenje cha yunifomu ya chinkhoswe. Ndinamulangiza mwanayu tisananyamuke kuti pakamwa pake asiye kunyumba. Anamvera. Tsiku lonse ankangoti inde amayi, zikomo amayi, mpaka ine ndinayamba kumuona ngati mwana wa eni.

Titagula chitenje, kunagwa chimvula choopsa. Minibasi panalibe. Tinathamangira pakhonde la vidiyo ya a Hamza, ndipo iwo potimvera chisoni anatilowetsa m'kati. Tangoganizani, a Dorica, mayi wa mvano wathunthu, atakhala pa benchi ya vidiyo pakati pa anyamata a kabaza! Munalinso anthu ena obisala mvula: a Ezekiele, mkulu wa mpingo uja, ndi a Khadija amene anatigulitsa chitenje.

Anyamatawo anabwera kudzaonera mpira, koma mvula inasokoneza dishi, chithunzi chinangoti zii. Kuti anthu asawadye amoyo, a Hamza anaika filimu imene inali pafupi. Inali yakalekale, ya azungu, yosamasuliridwa m'Chichewa, mitundu yake yosuluka ngati chitenje chochapachapa. Choipitsitsa kwa anyamatawo, anthu ake amati akamayankhula, mwadzidzidzi n'kuyamba kuimba. Kunali kung'ung'udza m'chipinda chonse.

Filimuyo ndi ya moyo wa mayi wina woseketsa anthu pa nsanja. Poyamba anali wosita zovala za ovina kuseri. Tsiku lina anamutuma kukatola chipewa chimene chinagwera pa nsanja, katani n'kutseguka iye ali pomwepo, simbi ili m'manja, holo yodzaza ikumuyang'ana. M'malo mothawa, anayamba kuwakalipira anthuwo ngati alowa m'nyumba mwake ndi matope.

Ine Chingerezi changa mukuchidziwa, chinathera pa moni. Ndinamugwira Atikonda kuti andiuze zimene mayiyo akunena. Anandinong'oneza. Koma mwana uyu sadziwa kunong'oneza ngati anthu ena. Anawapatsa mayi aja mawu a mzimayi wogulitsa tomato amene wakwiya, ndipo mwini holo anamupatsa mawu a kondakitala. A Khadija anamva, anaphulika kuseka. Anyamata a kumbuyo anakuwa kuti asisi akweze mawu. A Hamza anangobwera ndi maikolofoni n'kumuika m'manja.

Atikonda anandiyang'ana ine, anayang'ana a Dorica. A Dorica anali atalunjika maso kutsogolo ngati sakumva. Ine ndinagwedeza mutu pang'ono. Ngati ndi mlandu, wanga ndi umenewo.

Achimwene, sindinasekepo chotere chimwalirireni bambo a ana. Anthu ankagwa pa mabenchi. Nyimbo zikayamba Atikonda ankakhala chete kuti timve, chifukwa mayi uja anali ndi mawu, ndikukuuzani. Chilankhulo sitinkachimva koma thupi linkachita tsembwe. Ndipo a Dorica, amene aja, anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje chatsopano chisanasokedwe n'komwe.

Kenaka nkhani inatembenuka. Mayi uja anakwatiwa ndi dokotala, munthu waulemu wake, wosamenya, wosatukwana. Anangomupempha mofatsa kuti za pa nsanja asiye, sizikuyenera nyumba yawo. Anasiya. Tinamuona m'chinyumba chachikulu akuthira tiyi alendo, akumwetulira, nthabwala ikafika pamlomo n'kuimeza. Pamenepo Atikonda analibe chomasulira. Maikolofoni anaitsitsa pamwendo. M'chipinda monse munkangomveka mvula pa malata.

Pomaliza mayiyo anabwerera pa nsanja imvi zitayamba. Anaseketsa anthu monga kale, kenaka anaimba nyimbo yapansipansi misozi ikutsika. Mwamuna wake anaima pakhomo la holo, chipewa m'manja, osalowa, osachoka. Filimu inathera pomwepo.

Mvula inali itakata koma palibe anatuluka. Munthu aliyense anali ndi mawu ake.

A Khadija anati mkazi ngati ameneyo Mulungu amalenga mmodzi pa mudzi, ndipo kumutsekera m'nyumba kuli ngati kugula wailesi n'kuchotsamo mabatire. Anayamikiranso madiresi, poti iwo maso awo sachoka pa nsalu.

A Ezekiele anadandaula kuti azungu amaimba ngakhale pokangana, zomwe kwathu kuno zikanachepetsa milandu kwa amfumu. Koma anavomera kuti luso ndi lochokera kumwamba, ndipo wolikwirira pansi adzafunsidwa. Chimene sanakonde n'choti mayiyo anabwerera pa nsanja popanda ankhoswe kukhalirapo pansi.

Anyamata a kabaza anagawikana. Ena anati dokotala uja analowa m'holo filimu itatha, ena anati anabwerera, munthu wansanje salowa. Mmodzi anati filimu yopanda nkhonya ngakhale imodzi sinamugwirepo mtima chonchi, ndipo anapempha a Hamza kuti aibwereze mawa lake, asisi omwewa adzabwere. A Hamza anati dokotalayo sanali woipa, chimene chinkamupweteka n'choti anthu ankaombera m'manja mkazi wake, iye ataima pambali.

Ine ndinkadikira mawu a munthu mmodzi. A Dorica anayankhula titakwera minibasi. Tili m'njira anati filimu inali yabwino zedi, mayi uja anali ndi mphatso, ndipo Atikonda wawaseketsa ngati mwana. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenaka anawonjezera kuti koma zija ndi za m'filimu, m'nyumba mwa mwana wawo zimene ananena zija sizinasinthe. Atikonda anayankha kuti inde amayi.

Achimwene, ine m'filimu muja sindinaone mzungu. Ndinaona mayi athu.

Mukukumbuka mmene ankatsanzirira alangizi a zaulimi, dzanja kumbuyo, mimba patsogolo, akulangiza mbuzi kabzalidwe ka chimanga? Pa maliro azimayi ophika ankalimbirana kuti akhale mbali yawo, chifukwa pamene pali iwo ngakhale ofedwa ankapumako. Mukukumbukanso tsiku la ukwati wa azakhali, bambo atanena pagulu kuti awachititsa manyazi. Sanawamenye. Anangonena kamodzi, mayi n'kumvera. Kuchokera tsiku limenelo anakhala mkazi waulemu amene mudzi wonse unkamutama, ndipo nyumba yathu inazizira.

Amene ankalira kudimba kuti mayi achite mawu a alangizi anali ndani? Si inu? Munkawakoka chitenje mpaka anakuchitirani kamodzi, bambo atapita ku Zalewa, akuyang'anayang'ana kunjira ngati akuba. Munaseka mpaka kugubuduka m'matope. Ine ndinalipo, musakane.

Atikonda agogo akewo anawapeza atasiya kale kuyankhula zoseketsa. Palibe anamuphunzitsa. Koma Loweruka lija, pamene ankatsanzira mwini holo, anaika dzanja kumbuyo, mimba patsogolo. Ndinachita kugwira benchi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ankhoswe awo akakuimbirani, musafulumire kunena kuti inde. Auzeni kuti mbumba yanu mumaipereka yathunthu, ndi pakamwa pake pomwe. Muimbireninso Gabriel panokha, mumufunse ngati akufuna mtsikana amene anamuona pa ukwati uja kapena wina wofanana naye nkhope. Ayankhe yekha, mayi ake palibe.

Ndikudziwa kuti banja likhoza kutha lisanayambe. Ndikudziwanso kuti mwanayu amamukonda Gabriel zenizeni, ndipo mwina adzandida. Chitenje tagula kale, anthu amva kale, manyazi adzakhala anga. Zonsezo ndaziganizira ndipo zikundiopsa. Koma ine ndine mayi chabe, pa nkhani iyi mawu anga sapita patali. Anu ndiwo amamveka, ngakhale muli kutali chotero.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akutetezeni m'misewu ya eni imeneyo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mbatata zawo zija ndidzawasungira. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga.

Atikonda ali pano pakhonde, akupinda chitenje chija. Ndamuuza kuti ndikulembera amalume ake, akuti ndikupatseni moni. Kale akanakutsanzirani mmene mumayankhulira pa foni mpaka ine kulephera kugwira cholembera. Lero wangoti muwapatse moni, amayi, ndi mawu otsika, aulemu, maso ali pansi. Mawu amenewo inu ndi ine tinakula nawo, achimwene, ndipo sindikufuna kukalamba nawonso.

Ndine mlongo wanu,
Esnart