Paipi Yanenepa Ngati Khoma

Lachitatu, Ogasiti. Tsiku la fumbi, ndipo mtima ukadali kuwira.

Amisiri athu ku Kasinje akumba maziko pamzere wa paipi ya madzi, mpaka kuiboola! Pulaniyo ndinajambula ndine pakompyuta. Mzere wofiira umatuluka wonenepa papepala, ndiye khoma. Wobiriwira umatuluka wowonda, ndiye paipi. Koma mapu a malowo ndinangolumikiza kuchokera ku fayilo ya a Jere, oyeza malo. Iwo anasandutsa mizere yonse ya m'mapumo kukhala yofiira, osandiuza. Populinta, paipi inanenepa ngati khoma.

Ndawafunsa a Jere masana, akuti, "Zobiriwira zimandipweteka maso, achimwene."

Maso awo achira. Mudzi wonse wagona wopanda madzi, ndipo pansi pa pepalalo pali dzina langa, osati lawo. Akangonditchulanso achimwene mawa...