Zotsatira za aNaphiri zafika mochedwa

Lachinayi, mu Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Zotsatira za mkodzo wa aNaphiri a ku Thambani zafika lero kuchokera ku labu ya ku Blantyre. Maliro awo anali dzulo. Pepalalo latchula kachilombo kamene kanawagwira, latchulanso mankhwala amene akanakapha. Mankhwalawo tili nawo m'kabati pakiliniki pano, mabokosi awiri.

Ntchito yanga ndi kulemba makodi, manambala oimira chithandizo, pa mafomu a inshuwalansi, ndiye ndinafunsa adokotala kuti, "Nanga fomu ya aNaphiriyi nditani nayo?"

"Kuyeza kunachitika. Lembani kodi ya kuyeza tizilombo ta mumkodzo, mutumize," anatero osandiyang'ana.

Ndinalemba, osalakwitsa nambala ngakhale imodzi.

Mwana wa aNaphiri, yemwe amagwira ntchito pamalire a dziko, abwera mawa kudzasaina fomuyo. Ndi yemweyo anawabweretsa sabata yatha, akunyadira kuti mayi ake anawalembetsa pa inshuwalansi ya kuntchito. Akandifunsa kuti labu yapeza chiyani, si udindo wanga kuyankha. Koma munthu akangolowa pakhomo, tebulo loyamba ndi langa, ndipo ine kunama sindimatha...